Kakalulu kathu kakukoka mwendo

Funso: Bambo, mwana wanga ananyamula kakalulu kathu ka miyezi 3, kanaphiriphitha n'kugwera pa simenti. Tsopano kakukoka mwendo wakumbuyo, ngakhale kudya kakudya. Nditani?
Mayi wa ku Kapata, Chipata

Yankho: Pepani kwambiri mayi. Kalulu ali ndi minofu yamphamvu kumiyendo yakumbuyo koma mafupa ake ndi opepuka. Akagwa, fupa la ntchafu limatha kuthyoka, chiuno kuguluka, penanso msana weniweniwo. Mwendowo musaukoke, musaumangenso timitengo nokha. Ine ndinachitapo zimenezo ndili mnyamata ku Katete, ndipo kalulu wanga anangomva ululu woposa, mpaka lero zimandipweteka mtima.

Kaikeni m'katoni yaing'ono, muyalemo udzu wouma kuti kasamaterereke, madzi ndi kholowa zikhale pafupi. Lero lomwe pitani nako kwa dokotala wa ziweto. Ngati miyendo yonse iwiri yalefuka ndipo mkodzo ukungodontha, kawirikawiri umakhala msana.

Chimene chimandiopsa ndi kusiya kudya. Kakatha maola 12 osadya, matumbo amatha kuima, musadikire kuti kuche. Amoxicillin wa anthu musakamwetse, amapha akalulu.

Mwanayo musamukalipire. Muonetseni kunyamula atakhala pansi, dzanja lina pachifuwa, lina kumbuyo, makutu osawagwira.