Mukufuna kufufuza za ulova? Yambani mwandiuza kuti lova ndani

Kalata yomwe ndikuyankha lero yabwera pa imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene wangomaliza digiri yoyamba ya zachuma. Dzina sinditchula. Mwachidule wafunsa motere: "Nkhani ya ulova ndi kukwera mitengo kwa zinthu imandisowetsa tulo, ndipo ndimalakalaka nditadzakhala mphunzitsi wofufuza nkhani zimenezi pa yunivesite. Koma masamu ndimangokhoza mwapakatikati. Kodi ntchitoyi imakhala yotani tsiku ndi tsiku? Nanga ine ndingaithe?"

Achemwali, za masamu ndifikako. Poyamba ndikubwezereni funso: lova ndani?

Musaseke. Pa muyezo umene mayiko ambiri amatsata, wochokera ku bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO ku Geneva, munthu amawerengedwa kuti ndi lova zinthu zitatu zikakumana pa iye: alibe ntchito, wakhala akuisakasaka masabata angapo apitawa, ndipo itapezeka akhoza kuiyamba. Amene anagwirako ntchito yolipidwa ola limodzi lokha m'sabata imene akufunsidwayo amalembedwa kuti ali pantchito. Ola limodzi! Amene anayenda mpaka nsapato kutha, n'kutaya mtima, n'kungokhala pakhomo, salinso lova, watuluka m'chiwerengero. N'chifukwa chake mumadabwa kuona dziko losaukitsitsa likulengeza ulova wotsika kuposa dziko lolemera. Wosauka sangakwanitse kukhala lova, amagwira chilichonse chomwe chapezeka kuti agone atadya. Ndiye mu 2013 akatswiri a ziwerengero za ntchito atakumana ku Geneva anasintha tanthauzo: wolima zongodya pakhomo pake anamuchotsa m'gulu la amene ali pantchito. Dziko likangoyamba kutsata tanthauzo latsopanoli nambala zimadumpha, chonsecho palibe ndi mmodzi yemwe amene bwana wamuchotsa ntchito.

Ntchito imene mukuilakalakayo imakhala pamenepa masiku ambiri. Anthu amaganiza kuti katswiri wa zachuma amadzuka m'mawa n'kuyamba kulangiza nduna. Zoona zake n'zakuti amadzuka, kukaphunzitsa, kuchonga mayeso, kenako n'kukhala pa kompyuta ndi fayilo ya mizere masauzande ambirimbiri, akuyesa kumvetsa chifukwa chake munthu mmodzimodzi walembedwa kuti ali ndi zaka 34 chaka chino pamene chaka chatha anali ndi 41.

Ine zinandigwerapo. Ndili wophunzira ndinatha milungu itatu ndikunyadira zomwe ndinkati ndatulukira: anthu osapita patali ndi sukulu ankaoneka kuti amagwira maola ochuluka modabwitsa. Zifukwa zake ndinali nditayamba kale kuzilemba, zomveka bwino ndithu. Aphunzitsi ondiyang'anira anangoyang'ana tebulo langa kamphindi, n'kuvula magalasi, n'kufunsa mwaulemu kuti, "Kodi anthu onsewa amene akugwira maola 99 pa sabata, amagona nthawi yanji?" Kabuku kofotokoza mafunso a kafukufukuyo ndinali ndisanakatsegule n'komwe. Nambala 99 inkatanthauza kuti munthuyo sanayankhe funso. Ndinatuluka mu ofesimo ngati nkhuku yovumbwa.

Tsopano ku mbali imene pa yunivesite timangoitcha macro, yoona chuma cha dziko lonse pamodzi. Nkhani imene ndimakonda kuuza ofuna kulowa kuno ndi ya Bill Phillips. Anabadwira ku New Zealand mu 1914, anali injiniya wa zamagetsi, anasakako ng'ona ku Australia, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anakhala mkaidi wa asilikali a Japan ku Java. Nkhondo itatha anapita ku London School of Economics. Mu 1949 anapanga makina otalika pafupifupi mamita awiri, a mapaipi ndi timatanki toonekera mkati, momwe madzi othira utoto ankayenda ngati ndalama: ena kulowera ku misonkho, ena kosungidwa, ena kunja kwa dziko. Ukasintha kampopi kamodzi, unkaona ndi maso ako madzi akutsika mu thanki ina. Mu 1958 munthu yemweyu anatenga ziwerengero za ku Britain za kuyambira 1861 mpaka 1957, n'kuonetsa kuti m'zaka zimene ulova unali wotsika, malipiro ankakwera mofulumira.

Ena anazitenga ngati kuti boma lingathe kusankha: lilole mitengo ikwereko pang'ono, ulova utsike, basi nkhani yatha. Milton Friedman, polankhula kwa akatswiri anzake mu December 1967, komanso Edmund Phelps payekha nthawi yomweyo, anati ayi, anthu si zitsiru. Akazolowera kuti mitengo imakwera chaka ndi chaka, amapempheratu malipiro okwera, olemba ntchito nawo amakwezeratu mitengo, ndipo ulova umabwerera pomwe unali, kukwera mitengo kokha n'kutsala. M'zaka za m'ma 1970 zinachitikadi, mitengo ndi ulova zinakwerera limodzi. Ku America, Paul Volcker atatenga utsogoleri wa banki yaikulu mu 1979 anakweza chiwongola dzanja kufika cha m'ma 20 peresenti. Kukwera mitengo kunatsika kuchoka pa 13 peresenti ndi kanthu mu 1980 kufika cha m'ma 3 peresenti mu 1983, koma ulova unafika 10.8 peresenti kumapeto kwa 1982. Anthu mamiliyoni analipira ndi ntchito zawo.

Macro ndi yovuta chonchi. Simungatenge dziko n'kuligawa pawiri kuti muyeserere, mbiri muli nayo ndi imodzi yokha, ndiponso chinthu chimene mukuchifufuzacho chili ndi makutu. Robert Lucas anachinena bwino mu 1976: boma likasintha kachitidwe potsata ubale umene launa m'ziwerengero zakale, anthu nawo amasintha khalidwe, ubalewo n'kusungunuka. Ngati mumakonda yankho lokhala mpaka kalekale, kuno mudzavutika mtima.

Ofufuza za msika wa ntchito anapeza kanjira kena, ndipo kunena zoona ndi kumene mtima wanga uli. Amadikira kuti dziko lichite lokha zoyeserera. Mu April 1992 boma la New Jersey ku America linakweza malipiro ochepetsetsa kuchoka pa madola 4.25 kufika pa 5.05 pa ola, pamene Pennsylvania, kutsidya kwa malire, sanasinthe. David Card ndi Alan Krueger anafunsa malo odyera 410 a mbali zonse ziwiri, lamulo lisanayambe komanso litayamba. Mabuku a m'kalasi ankati ntchito zichepa ku New Jersey. Iwo sanapeze zimenezo. Taonani kuti apa panalibe masamu oopsa, panali funso lakuthwa, malire a maboma awiri, ndi telefoni. Koma taonaninso chimene chinatsatira: David Neumark ndi William Wascher anatenga mabuku a malipiro a malo odyera a m'dera lomwelo n'kupeza kuti ntchito zinachepa, ndipo mkangano unatenga zaka. Card anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2021. Krueger anali atamwalira mu 2019.

Pamene macro ndi msika wa ntchito zimagwirana chanza ndi pa funso looneka lachibwana: bwanji pamakhala malova ambiri nthawi imodzimodzi pamene makampani akudandaula kuti akusowa antchito? Peter Diamond, Dale Mortensen ndi Christopher Pissarides analandira Nobel mu 2010 chifukwa chotenga funsoli mozama. Yankho lawo n'lakuti wofuna ntchito ndi wofuna wantchito sapezana lero ndi lero. Kusakana kumadya nthawi ndi ndalama, ndipo ulova uli ngati dziwe lomwe madzi akulowa uku akutuluka uko. Dziwe lingakule chifukwa ochotsedwa ntchito achuluka, kapena chifukwa olembedwa achepa, ndipo mankhwala a matenda awiriwa ndi osiyana.

Ndinong'oneze pano kuti zambiri mwa zimenezi zinamangidwa poganizira munthu wa kalata yolembedwera ntchito ndi malipiro a pamwezi, pamene anthu ogwira ntchito oposa theka padziko lapansi alibe zonsezo. Arthur Lewis wa ku Saint Lucia analemba za antchito ochoka ku ulimi kupita ku mafakitale mu 1954, John Harris ndi Michael Todaro anafotokoza mu 1970 chifukwa chake anthu amakhamukirabe m'tauni ngakhale muli ulova, koma munda umenewu ukadali ndi tchire lambiri. Wofufuza watsopano asaope kuti zonse zinalimidwa kale.

Njira yake ndi yaitali koma yodziwika. Masters, kenako PhD. Ku America PhD imatenga zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, kwina imafupikirako, ndipo bungwe la AERC la ku Nairobi, lomwe linayamba mu 1988, limathandiza maphunziro otere mogwirizana ndi mayunivesite angapo a mu Africa. Chaka choyamba ndicho chimaliza anthu misozi: micro (yoona zochita za munthu ndi kampani payekha), macro ndi econometrics (kuyesa mfundo za zachuma ndi ziwerengero), masamu okhaokha usana ndi usiku. Pamapeto pa zonse mumatuluka ndi pepala limodzi limene mumayenda nalo pofunsira ntchito, ndipo dzina lanu lonse limakhala pa pepala limenelo. Mukalembedwa, m'mayunivesite ambiri a ku America mumapatsidwa zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi kuti musindikize zokwanira, apo ayi mulongedze. Magazini a akatswiri amene aliyense amawalota ndi asanu, monga American Economic Review, Econometrica ndi Quarterly Journal of Economics, ndipo amakana mapepala oposa 90 pa 100 alionse. Ine magazini ina, yosatchuka n'komwe, inasunga pepala langa kupitirira chaka, n'kulibweza ndi ndemanga ya ndime ziwiri yoonetseratu kuti wowerengayo analekera pa tsamba lachitatu. Walira mvula walira matope, achemwali. Ndipo si onse amathera m'kalasi: mabanki aakulu a mayiko, IMF, World Bank ndi ILO amalemba anthu omwewa, ndipo kawirikawiri amalipira bwino kuposa yunivesite.

Za masamu tsono. Sindikunamizani kuti safunika. Nthambi za masamu za calculus, linear algebra ndi probability muyenera kuzigwira mpaka zizolowere m'manja, ndipo ngati mukuloza PhD ya macro, onjezani real analysis musanapite. Koma "mwapakatikati" wanuyo sakundiopsa. Masamu a zachuma ndi a khama, amalowa ndi kubwereza. Ndaona anthu a mitu yakuthwa pa masamu akusiyira panjira chaka chachitatu chifukwa mayeso atatha analibe funso lawolawo loti alifufuze, ndipo panalibenso wowauza chochita. Inu funso muli nalo kale, mwati likukusowetsani tulo. Chimene sindikudziwa za inu n'chakuti mungapirire miyezi ingati muli nokha ndi fayilo yosalongosoka. Phunziraniponso mapulogalamu a pa kompyuta osanthulira ziwerengero, Stata kapena R, ndi Python ngati nthawi ilipo.

Musanalembe kalata yofunsira malo kulikonse, dziyeseni motere. Wophunzira wina pa University of Massachusetts Amherst, Thomas Herndon, anapatsidwa ntchito ya m'kalasi yobwereza kafukufuku wa anthu ena. Anasankha wa Carmen Reinhart ndi Kenneth Rogoff a ku Harvard, wa mu 2010, amene ankasonyeza kuti ngongole ya boma ikapitirira 90 peresenti ya chuma cha dziko, chuma chimasiya kukula. Andale ambiri ankautchula pofuna kudula bajeti. Herndon anayesa, nambala osatuluka. Anayesanso, osatuluka. Atapempha fayilo yeniyeni kwa eni ake anapeza, mwa zina, kuti powerengera mu Excel mayiko asanu anatsala kunja kwa mzere. Iye ndi aphunzitsi ake awiri atakonza zonse zimene anaziona, kukula kwa chuma kwa mayiko angongole zambiriwo kunachoka pa -0.1 kufika pa 2.2 peresenti.

Inunso chitani chimodzimodzi, pang'ono chabe. Pezani kafukufuku wa anthu ogwira ntchito wa dziko lililonse limene limaika mafayilo ake poyera pa intaneti, mutsitse fayilo pamodzi ndi kabuku ka mafunso, ndipo muyese kutulutsa nokha nambala ya ulova imene boma la dzikolo linalengeza. Ulendo woyamba siidzafanana. Mukafika pamenepo mundilembere, mundiuze nambala yomwe mwapeza, ndiponso ngati munakagona mutakwiya kapena munadzuka pakati pa usiku kukatsegulanso kompyuta.