Jakisoni anabaya inu, koma amapita kwa mwana

Sabata yatha mayi wina ananditumizira imelo, akuti anayamba kumva zowawa mimba ili ndi masabata 30 okha, ku chipatala anawabaya jakisoni wa dexamethasone n'kuwauza kuti ndi wothandiza mapapo a mwana. Funso lawo ndi lakuti, zingatheke bwanji mankhwala obaya ine akathandize mapapo a mwana amene sanayambe n'komwe kupuma?

Mayi, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani imeneyi. Selo iliyonse (timagawo ting'onoting'ono topanga thupi) ya mwana wanu ili ndi DNA imodzimodzi, yomwe ndi malangizo a kapangidwe ka thupi, ya m'diso, ya m'chiwindi, ya m'mapapo, yonse ndi yofanana. Nde chimapangitsa kuti pena pakhale mapapo ndi chani? Ndi mapuloteni ena amene amakakamira pa DNA n'kuyatsa majini ena (zigawo za DNA zokhala ndi malangizo a ntchito inayake), ena n'kuwazimitsa. Wamkulu pa mapapo ndi NKX2-1, amaoneka cha m'sabata lachinayi pomwe mwana ali kanthu kakang'ono zedi, pa kachubu komwe kadzakhale m'mero ndi matumbo, ndipo pamalo pomwe iye wayamba kugwira ntchito ndi pomwe mapapo amaphuka. Kenako puloteni ina, SOX2, imasunga maselo a njira zikuluzikulu za mpweya, inanso, SOX9, imakhala kunsonga komwe nthambi zikukula, zikugawikana, kugawikananso mpaka pafupifupi ka 23. Ine izi zimandigwira mtima nthawi zonse ndikaziganizira.

Koma vuto la mwana wobadwa masiku asanakwane nthawi zambiri si nthambizo ayi, ndi surfactant. Ndi timadzi tamafuta totelera timene timakuta mkati mwa timatumba ta mpweya kuti tisamatirirane mwana akatulutsa mpweya. Tengani baluni yonyowa mkati, iphwetseni, muone mmene imamatirirana n'kuvuta kuifufumitsanso, mwana wopanda surfactant amalimbana ndi zimenezo pa mpweya uliwonse. Imayamba kupangidwa cha m'masabata 24, koma imakwanira cha m'ma 34 kapena 35, ndipo NKX2-1 yemwe uja ndi mmodzi mwa oyatsa majini ake.

Apa ndi pomwe jakisoni wanu akulowa. Mankhwalawo amadutsa pa nsengwa kukafika kwa mwana, m'maselo a mapapo amakumana ndi puloteni ina yomwe imawalandira, ndipo awiriwa amalowa pomwe pali DNA n'kuyatsa msanga majini omwe akanadikira masabata ena. Anazindikira izi ndi dokotala wina, Graham Liggins, ku New Zealand akugwira ntchito ndi nkhosa, anaona tiana ta nkhosa tobadwa msanga tili ndi mpweya m'mapapo pomwe sitimayenera kutero, ndipo mu 1972 iye ndi dokotala mnzake Ross Howie anasonyeza kuti zimagwiranso kwa anthu.

Chifukwa kuyatsa majini kumafuna nthawi, mankhwalawa amathandiza kwambiri pakadutsa maola 24 chibayireni jakisoni mwana asanabadwe, mpaka pafupifupi sabata imodzi. Nchifukwa chake anafulumira kukubayani tsiku lomwelo, sanadikire kuti aone kaye ngati zowawazo zisiya.