Kwa mayi amene mwana wawo akulemba GCSE ya Chitchaina

Mayi, nkhawa yanu ndaimva. Mwati mtsikana wanu ali mu Year 11 kuno ku England ndipo alemba GCSE ya Chitchaina chaka chino, mayeso amene ana amalemba pomaliza kalasi imeneyi. Mawu waloweza ambiri, koma aphunzitsi akamufunsa kanthu amangoti kakasi, ndipo inuyo simudziwa ngakhale liwu limodzi la chinenerocho loti mumuthandizire.

Mtima ukhale m'malo, mungathe kumuthandiza kwambiri. Tiyambe ndi mmene mayesowo alili. Kaya sukulu yake imalembetsa a AQA kapena a Pearson Edexcel, mabungwe awiri okonza mayeso, mapepala ndi anayi: kumvetsera, kuyankhula, kuwerenga ndi kulemba, ndipo lililonse lili ndi malikisi 25 pa 100. Mayeso oyankhula ndiwo amayambirira, cha mu Epulo kapena Meyi. Amawayesa aphunzitsi ake omwe, n'kujambula mawu. Mwana amapatsidwa mphindi 12 zokonzekera popanda dikishonale, kenako amayankhula mphindi 7 mpaka 9 ngati ali ku Foundation, gawo losavuta la mayesowo, kapena 10 mpaka 12 ngati ali ku Higher, gawo lovutirapo. Choyamba ndi kasewero, mwachitsanzo iye ndi wogula ndipo aphunzitsi ndi wogulitsa. Chachiwiri n'kufotokoza chithunzi. Chachitatu n'kucheza, ndipo ku AQA kuchezako kumatenga malikisi 30 mwa 60 a pepala lonselo.

Ndiye mukuona kuti mayesowo ndi zochitika za tsiku ndi tsiku: musitolo, kwa dokotala, pogula tikiti ya sitima, popangana ndi mnzake zokaonera filimu. Mwana amene waloweza mayina a zipatso makumi awiri koma sanayesepo kugula chipatso chimodzi ndi pakamwa pake, ameneyo adzakakamira. Choncho sandutsani khitchini yanu sitolo. Ikani patebulo maapulo, botolo la madzi, buku, lembani mitengo patimapepala, inu mukhale wogulitsa. Muziyankhula Chichewa kapena Chingerezi, iye aziyankha m'Chitchaina basi. Afunse mtengo kuti duōshao qián, adandaule kuti tài guì le, kutanthauza kuti mwadulitsa, apemphe china chotchipa. Pogula pomwepo ndi pamene adzakumane ndi timawu towerengera zinthu timene timagwetsa ana ambiri. Buku limodzi ndi yì běn shū, tikiti imodzi ndi yì zhāng piào, makapu awiri a tiyi ndi liǎng bēi chá. Pamndandanda timawu timeneti timauluka m'mutu, koma akapempha tiyi weniweni madzulo aliwonse timakhazikika. Adzazolowanso kuti powerenga zinthu ziwiri amati liǎng, pomwe èr ndi wa powerenga manambala.

Mbali imene ndikufuna muigwire ndi manja awiri ndi iyi. Pakhadi la malangizo a kasewero limene amapatsidwa pamakhala chizindikiro cha ! ndi cha ?. Choyambacho chikutanthauza kuti aphunzitsi amufunsa funso limene sanaliyembekezere, chachiwiricho n'choti iyeyo ndiye afunse funso. Apa ndi pamene ana oloweza amataya malikisi, ndipo apa ndi pamene inu muli ofunika kuposa buku lililonse. Kasewero kali m'kati, muzimudzidzimutsa. Akugula malaya, mufunseni kuti akugulira ndani. Akudandaula mutu kwa dokotala, mufunseni kuti unayamba liti, dzulo anadya chiyani. Poyamba adzakwiya nanu, musaleke. Aphunzire kupempha kuti qǐng zài shuō yí biàn, ndiko kuti chonde bwerezaninso, chifukwa kutero kuli bwino kusiyana ndi kukhala duu. Ndipo kasewero kalikonse kasathe iye asanakufunseni kanthu.

Poti simungadziwe ngati walakwitsa, jambulani mawu pafoni. Adzimvere yekha, ndipo kamodzi pa sabata apititse kwa aphunzitsi ake amve.

Kuti akwere magiredi, azikhudza zakale, za lero ndi za m'tsogolo, komanso azipereka zifukwa. Izi zichitike pa chakudya chamadzulo: dzulo unachita chiyani, Loweruka udzapita kuti, n'chifukwa chiyani umakonda masamu. Mneni wa Chitchaina sasintha, ndiye nthawi imaonekera pa mawu ngati zuótiān ndi míngtiān, dzulo ndi mawa, amene amabwera mneni asanafike, ndi timawu ngati le, kosonyeza kuti chinthu chachitika, ndi huì, kosonyeza kuti chidzachitika. Yankho lililonse alikokere patali ndi yīnwèi, chifukwa. Mutu umodzi wa kucheza kuja amasankha yekha pasadakhale, choncho asankhe nkhani imene amaikondadi. Ngati anapitako kumudzi pa holide, afotokoze za agogo ake, za nsima, za kunyanja. Mwana akamanena zimene anaziona ndi maso mawu sathawa.

Ngati mtsikanayo amamva Chichewa, ali ndi mwayi umene anzake alibe. Ife timasiyanitsa p ndi ph, t ndi th, k ndi kh, ndipo m'kalembedwe ka pinyin, kolemba Chitchaina ndi zilembo ngati zathuzi, kusiyana kwa b ndi p, d ndi t, g ndi k n'komweko: woyamba alibe mpweya, wachiwiri ali nawo. Kukweza ndi kutsitsa mawu kuti tanthauzo lisinthe nakonso timachita, monga mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. M'Chitchaina mǎi ndi kugula, mài ndi kugulitsa. Muuzeni zimenezi, zidzamulimbitsa mtima.

Zilembo zokhazo zilibe chidule, dzanja liyenera kuzolowera. Koma nazonso azimangirire ku kasewero ka tsikulo. Akamaliza za kwa dokotala, alembe uthenga waufupi kwa mnzake wonena kuti wadwala ndipo sabwera kusukulu, m'zilembo zenizeni, chifukwa pepala lolemba likufuna zimenezo ndipo mulinso kumasulira kuchokera ku Chingerezi. Mphindi 15 tsiku lililonse zimapindula kuposa kuchezera usiku wonse mayeso atayandikira. Pleco ndi dikishonale ya pafoni yaulere imene ingamuthandize akaiwala chilembo. Pa kumvetsera, muzimulembera manambala, masiku ndi nthawi kuti azitchule mokweza, makamaka sì ndi shí, 4 ndi 10, amene amasokoneza pa mitengo.

Mukapeza mpata pitani naye kusitolo ya Atchaina, kaya ku Chinatown ya ku Manchester, London kapena Birmingham, akawerenge zolembedwa pamapaketi ndi kuyesa kupereka moni. Mumuchenjeze kuti ambiri mwa akuluakulu a kumeneko anachokera ku Hong Kong ndipo amayankhula Chikantonizi, chosiyana ndi Chimandarini chimene iye akuphunzira, choncho wina akapanda kumumva asaganize kuti iye ndiye walephera.

Sabata ino funsani aphunzitsi kuti akulemba za AQA kapena Edexcel, komanso ngati ali ku Foundation kapena Higher. Foundation imathera pa giredi 5, ndiye ngati akulakalaka 7 kapena kuposa, nkhaniyo ikambidwe msanga. Makhadi a kasewero a zaka zapitazo ali pa intaneti patsamba la mabungwe awiriwo, ndipo malangizo ake ndi a m'Chingerezi, moti mutha kuwasindikiza n'kuyamba naye usiku uno.