Pitani ndithu achemwali, koma mukayambire kumakola

Achemwali, mwafunsa kuti state fair imene anzanu kuntchito akungoikamba sabata yonseyi ndi chiyani, ngati ikufanana ndi Trade Fair ya ku Chichiri, komanso ngati munthu amene wangofika kumene ku Minnesota kuno ku America, ali ndi ana awiri, angatayirepo ndalama zake. Ndaona ena akuyankhani kuti ndi malo odyerako zokazinga basi. Zokazinga ziliko zosayamba, sakunama, koma akuuzani kambali kochepa chabe: state fair ndi chionetsero chachikulu cha pachaka cha ulimi, ziweto, zakudya ndi zosangalatsa. Ine ndikuti pitani, ndipo anawo musawasiye.

Za Chichiri poyamba. Trade Fair yathu ija, imene amakonza a bungwe la amalonda la MCCCI ku Blantyre, kwenikweni ndi ya makampani: aliyense amakongoletsa kanyumba kake, kuonetsa katundu, kusaka makasitomala. Kuno makampani aliponso ambiri, ogulitsa mathirakitala mpaka mipando, koma iwo anachita kubwera pambuyo. Mwini chionetsero ndi mlimi ndi banja lake. Pafupifupi state iliyonse, kutanthauza chigawo cha dziko la America, ili ndi chake. Choyamba chinachitikira ku Syracuse, New York, mu 1841. A ku Texas amachita chawo ku Dallas kwa masiku 24, a ku Iowa amanyadira ng'ombe yawo yosema ndi batala. Cha kuno ku Minnesota chinayamba mu 1859, ndipo kuyambira 1885 chimachitikira pamalo amodzimodzi, ku Falcon Heights, pakati pa Minneapolis ndi St. Paul, pabwalo la maekala 322. Chimatenga masiku 12 ndipo chimatha pa Labor Day, Lolemba loyamba la Seputembala, ana ambiri akamatsegulira sukulu mawa lake. Mu 2019 olowa pageti anapitirira 2.1 miliyoni, m'state imene anthu ake safika n'komwe 6 miliyoni. N'chifukwa chake kuntchito kwanu nkhani ndi yomweyi. Zaka zimene chinalephereka n'zowerengeka, monga 1946 chifukwa cha poliyo ndi 2020 chifukwa cha Covid, ndipo akuluakulu akuno amazitchula ngati zaka za tsoka.

Mukalowa pageti fungo la mafuta lidzakukokani, koma lilambalaleni kaye, mulunjike kumakola. Kuli khola la ng'ombe, la nkhumba, la nkhosa, la akavalo, la nkhuku ndi akalulu, lililonse ndi chinyumba chachikulu. Mukapita masiku oyambirira mudzapeza kuti amene akusamala ziwetozo ndi ana asukulu, anyamata ndi atsikana a 4-H, bungwe lophunzitsa achinyamata ulimi ndi maluso ena. Mwana amalandira thole kapena kankhumba miyezi yambiri chionetsero chisanafike. Amakadyetsa yekha m'mawa asanapite kusukulu, m'nyengo ya chisanu ya kuno imene muiona posachedwa, amalemba m'kope zimene kadya ndi mmene kakulemera, amakaphunzitsa kuyenda pachingwe ndi kuima mowongoka. Kenako amayamba wapikisana kwawo. Minnesota ili ndi makaunti 87, ali ngati maboma a kwathu aja, ndipo mwana sangangodzuka n'kubwera kuno, amayenera kupambana kaye pachionetsero cha kaunti yake. Ndiye amene mumawaona kumakolawo ndi opambana kale. Ambiri amagona pabwalo pomwepo, m'zipinda zapamwamba pa nyumba ya 4-H, makolo ali kumudzi.

M'mawa mudzawapeza akusambitsa ng'ombe ndi sopo, kuipukuta, kuiumitsa ndi makina a mpweya, kuipesa mchira, kuimeta bweya mosamala. Ikakwana nthawi amalowa nayo m'bwalo lothiridwa utuchi. Woweruza amazungulira, kugwira msana, kuyang'ana miyendo ndi bere, kufunsa mwanayo mafunso, ndipo pomaliza amatenga chimkuzamawu n'kufotokozera anthu onse chifukwa chimene ng'ombe iyi yaposera inzake. Gawo limeneli ndimalikonda kwambiri, chifukwa ngakhale amene walephera amachoka atamva pamene pakuperewera. Wopambana amalandira riboni, ndipo yofiirira ngati biringanya ndiyo ya katswiri. Ziweto zanyama zimene zapambana amazigulitsa pa okushoni, mabizinesi n'kumakweza mtengo dala kuti alimbikitse mwanayo, ndipo gawo lina la ndalamazo limathandiza maphunziro a achinyamata a bungweli. Koma mwanayo amadziwa kuti ng'ombe yake ikupita kokaphedwa. Ndinaonapo mtsikana wina atakumbatira khosi la ng'ombe yake, misozi ili mbwembwembwe, bambo ake ataima pambali osamuletsa. Inenso misozi inalengeza.

Chimene chimandigwira mtima pamenepa n'chakuti ambirife tinakula tikumva kuti ukalephera sukulu ukalima. Khasu linali chilango kusukulu, ukachedwa kapena ukasokosa. Makolo athu anatiphunzitsa ndi ndalama za fodya, mtedza ndi chimanga, koma pemphero lawo linali lakuti ife tisadzagwire khasu. Achikulire amakumbukira nthawi ya achikumbe, pamene mlimi wochita bwino ankapatsidwa ulemu ndipo Kamuzu mwiniwake ankatchedwa Mchikumbe Nambala Wani, koma ulemu umenewo sunafike pa ana. Kuno ndinaona mwana wazaka 14 wovala majombo a ndowe akuomberedwa m'manja ndi anthu a m'tauni, maloya ndi madokotala, chifukwa choti analera nkhosa bwino. Sindikunena kuti ulimi wa kuno ulibe mavuto. Mafamu ang'onoang'ono a mkaka akutsekedwa chaka ndi chaka, ndipo alimi ambiri ali m'ngongole zoopsa. Koma kwa masiku 12 amenewa mlimi ndiye amakhala kutsogolo, ndipo ndimafuna ana athu, amene akukulira m'mafulati, aone zimenezi ndi maso awo. Akadzapita kumudzi kukaona agogo, khola la mbuzi asakaliyang'ane ngati chizindikiro cha umphawi.

Pafupi ndi makolawo pali nyumba yotchedwa Miracle of Birth Center. Amabweretsamo ng'ombe, nkhumba ndi nkhosa zimene zatsala pang'ono kubereka, ndipo zimaberekera pomwepo anthu akuona, madokotala a ziweto ndi ophunzira a ku University of Minnesota akuthandiza ndi kufotokoza. Kwa ife amene tinaweta mbuzi sizachilendo, koma mudzaona akuluakulu a ndevu zawo ali kukamwa yasa, poti sanaonepo thole likubadwa. Ana amaloledwa kuyandikira tiana ta nkhosa ndi anapiye. Pamadzaza, choncho pitani m'mawa.

Mukachoka apo kaoneni za batala ku Dairy Building. Chaka chilichonse alimi a mkaka amasankha mtsikana wochokera m'banja kapena ntchito ya ulimi wa mkaka kuti awaimirire, ndipo amamutcha Princess Kay of the Milky Way. Iyeyo ndi anzake amene anafika nawo kumapeto a mpikisano amakhala mmodzimmodzi, tsiku ndi tsiku, m'kachipinda ka magalasi kozizira ngati firiji, kamene kamazungulira pang'onopang'ono kuti aliyense aone. Mmisiri amasema nkhope ya mtsikanayo pachibuluma cha batala cholemera mapaundi 90, kutanthauza makilogalamu pafupifupi 41. Ntchito ya tsiku lathunthu, onse atavala majasi kunja kukutentha. Mayi wina dzina lake Linda Christensen anasema nkhopezi kwa zaka 50 mpaka pamene anapuma mu 2021. Chionetsero chikatha mtsikana aliyense amatenga mutu wake wa batala kupita nawo kwawo. Ena amausunga m'firiji zaka zambiri, ena amaitana mudzi wonse kudzadya chimanga chopaka batala yemweyo. Poyamba ndinkadandaula kuti chakudya chikuseweretsedwa, mtima wa kwathu umenewo, koma nditamva kuti ambiri amadya ndithu ndi anansi awo, mtima unakhala pansi.

Tsopano zakudya. Mwambo wa kuno ndi kubaya chakudya pakamtengo kuti uzidya ukuyenda. Chotchuka kuyambira 1947 ndi Pronto Pup, soseji yoviikidwa m'phala la ufa n'kukazingidwa. Pali tizidutswa ta tchizi tokazinga timene amati cheese curds, tokoma tikadali totentha, tikazizira n'tolemera m'mimba. Pali mabisiketi a Sweet Martha's amene amagulitsa m'kachidebe kodzaza mpaka kusefukira, moti chivindikiro sichitseka mpaka mutadyako, ndipo anthu amanyamula kachidebeko kupita nako pamalo a mkaka, pamene umalipira kamodzi n'kumwa mmene ungathere. Ana anu adzakondwa pamenepo. Musagule chilichonse munthu ndi chake, gulani chimodzi muzigawana, n'momwe eni ake amachitira kuti alawe zambiri.

Ine changa ndi chimanga chootcha. Ndikuchenjezeni, si chimanga chathu. Ichi n'chofewa, chotsekemera ngati chathiridwa shuga, amachiwotcha ndi makoko ake, kenako amasenda makokowo kuti akhale chogwirira n'kuchiviika chonse mumphika wa batala wosungunuka. Dzino silipeza chogwira ngati mmene limachitira ndi mondokwa wa pa mbaula m'mbali mwa msewu wa M1 mu Febuluwale. Komabe utsi wake ndi womwewo, ndipo ndikaima pamzere umenewo ndimakumbuka amayi akutembenuza chimanga pamakala mvula ikugwa kunja. Chaka chilichonse ndimadya, ndipo chaka chilichonse ndimapukwa kumudzi.

Dzuwa likakula lowani m'nyumba ya Agriculture Horticulture. Muli maungu akuluakulu oti munthu mmodzi sanganyamule, uchi, maapozi, maluwa, ndi mizere ya zisononkho za chimanga cha mbewu zimene zapikisana. Mulinso zithunzi zopangidwa ndi njere zokhazokha za mbewu zimene zimamera ku Minnesota, zomatidwa imodziimodzi, ndipo mzere wa anthu ofuna kuziona umatalika. Ambiri amajambula andale ndi oimba, ena amaseka nazo boma, palibe amene amawagwira. Kunyumba ina yotchedwa Creative Activities ndi kumene amayi ndi abambo wamba amapikisana pa makeke, buledi, jamu, nkhaka za m'mabotolo, zoluka ndi zofunda zosokerera tizigamba. Mudzaona botolo la jamu lili m'galasi ndi riboni yabuluu pambali pake, dzina la agogo ena litalembedwa. Mphotho yake ya ndalama ndi yochepa, koma riboniyo imasungidwa m'banja mpaka zidzukulu. Inu amene ndinaona pagulu pano kuti mumaluka, dziwani kuti aliyense wokhala m'state muno akhoza kulembetsa, bola achite zimenezo nthawi yake isanatseke, m'miyezi ya chilimwe.

Mukamacheza ndi eni dziko mudzaona kuti banja lililonse lili ndi mwambo wake, ndipo sausintha. Ena amayamba ndi kadzutsa ku Hamline Church Dining Hall, malo odyera a mpingo amene akhala akuphika pabwaloli kuyambira 1897. Ena amajambulitsa pamalo amodzimodzi chaka chilichonse, mpaka zithunzi zimaonetsa mwana akukula, kukwatira, kubwera ndi wake. Ena sangachoke osatsetsereka pa Giant Slide, chitsetserekero chachikulu chimene chilipo kuyambira 1969, umakhala pakansalu n'kutsika ukukuwa. Okalamba amakwera timabwato ta Ye Old Mill, timene takhala tikuyenda mumdima kwa zaka zoposa 100, ndipo ambiri amati m'menemo ndi mmene anagwirana dzanja koyamba ndi amene anadzakwatirana nawo. Andale nawonso sasowa. Bwanamkubwa ndi maseneta amayenda pakati pa anthu, munthu wamba n'kuwaimitsa kuwafunsa za misonkho. Ndi pabwalo lomweli pamene Theodore Roosevelt, ali wachiwiri kwa pulezidenti, analankhula mu Seputembala 1901, patatsala masiku ochepa kuti Pulezidenti McKinley aomberedwe iye n'kulowa m'malo. Ndipo musaope kuti mudzakhala nokha akhungu lakuda. Asomali, Ahmong, anthu a ku Liberia, Ethiopia ndi Mexico amabwera ndi mabanja awo, amayi a mahijabu ali pamzere womwewo wa mabisiketi.

Za ndalama ndisakubisireni, zimapita. Tikiti ya munthu wamkulu pageti ili cha m'ma madola 20, ana ochepera zaka zisanu salipira, koma chimene chimatha thumba ndi chakudya ndi zokwera za ana. Gulani matikiti chionetsero chisanayambe, amakhala otsikirapo, ndipo pali masiku ena a mkati mwa sabata amene amachotsera mtengo. Pali kabuku ka makuponi kotchedwa Blue Ribbon Bargain Book, kamabweza ndalama yake mukangogula zinthu ziwiri zitatu. Galimoto musapite nayo kubwalo. Pali malo ambiri m'tauni oimikapo ulele, basi n'kukutengani ulele mpaka pageti. Amalola kulowa ndi chakudya chanu ndi madzi, kupatula mowa, choncho kazingani mandasi kapena phikani mpunga ndi nkhuku, ndalama zanu zipite pa zolawa zokha. Makola onse, nyumba zonse zimene ndatchulazi ndi magulu ambiri oimba n'zaulere mukangolowa.

Loweruka ndi Lamlungu kumadzaza moti mwana angakusowereni m'kanthawi kochepa, ndiye sankhani Lachiwiri kapena Lachitatu, koma ngati mukufuna kuwapeza ana a 4-H aja ndi ziweto zawo sankhani Lachinayi lotsegulira chionetsero, mufike geti likungotsegulidwa. Anawo muwalembere nambala yanu ya foni pa kalamba ka padzanja, amapereka ulele kumalo ofunsira. Valani nsapato zoyendera, osati zatchalitchi, ndipo tengani zipewa chifukwa kumapeto kwa Ogasiti dzuwa la kuno limawotcha. Zokwera muwauziretu ana kuti ndi ziwiri aliyense ndipo zibwera madzulo, apo ayi makola simuwaona. Ife ndi mabanja ena a kwathu tikukonza zopita limodzi mkati mwa sabata yoyamba. Ngati mungakonde kutsagana nafe ndilembereni ku inbox tigwirizane za basi.