Tifunseni za Kompyuta: Kufupikitsa lamulo la git push

Funso: Akatswiri athu, ndikapanga nthambi yatsopano mu Git n'kulemba `git push`, imandikanira. Imati "The current branch has no upstream branch", kenako n'kundipatsa chilamulo chachitali choti ndikopere. Ndatopa nako kukoperako. Palibe njira yachidule? — Wophunzira kulemba mapulogalamu

Yankho: Ilipo, ndipo ndi mzere umodzi wokha. Koma muyambe mwamvetsa chimene Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha za mafayilo, ikudandaula. Nthambi yatsopano imabadwira pakompyuta panu pokha, seva siyiidziwa. Mukati `git push` osatchula china, Git imafuna mayankho awiri: ntchitoyi ipite ku seva iti, ndipo ikakhale pa nthambi ya dzina lanji. Lamulo lalitali lija, `git push --set-upstream origin kukonza-fomu` (`origin` ndi dzina la seva, `kukonza-fomu` ndi dzina la nthambi yanu), limayankha zonse ziwiri n'kuzisunga. Tsegulani fayilo ya `.git/config` mukatha kulilemba, mupezamo mizere itatu yatsopano:

`[branch "kukonza-fomu"]`
`remote = origin`
`merge = refs/heads/kukonza-fomu`

Upstream imene ikunenedwayo ndi imeneyi basi. Mizereyi ikakhalapo, `git push` ndi `git pull` zimayenda zopanda kuwonjezera kanthu, ndipo `git status` imayamba kukuuzani kuti muli patsogolo kapena m'mbuyo mwa seva ndi ma commit (zosintha zosungidwa) angati.

Kuti Git izilemba yokha mizereyi, onani kaye mtundu umene muli nawo ndi `git --version`. Ngati ndi 2.37 kapena wapambuyo pake, lembani ichi kamodzi:

`git config --global push.autoSetupRemote true`

Kuyambira pamenepo `git push` pa nthambi yatsopano izipanga nthambi ya dzina lomwelo ku seva n'kuzilumikiza. Mtundu wa 2.37 unatuluka mu June 2022, choncho makompyuta amene sanakonzedwe kwa zaka zingapo akhoza kukhala opanda zimenezi. Choipa chake n'chakuti Git yakale siikuchenjezani: imalandira mzerewo, n'kuusunga, n'kusaugwiritsa ntchito, inu n'kumadabwa kuti bwanji uthenga uja ukubwerabe. Pa Git yoteroyo lembani `git push -u origin HEAD`. Kachilembo ka `-u` ndi chidule cha `--set-upstream`, pomwe HEAD ikuimira nthambi imene mwaimapo, ndiye simuvutikanso kulemba dzina lake kapena kulilakwitsa.

Funso: Ndinayatsa autoSetupRemote monga anthu amanenera, koma nthambi zina zikukanabe. Uthenga wake ndi wina: "The upstream branch of your current branch does not match the name of your current branch." Mnzanga akuti ndingosintha push.default ikhale upstream, vuto litha. Ndimvere? — Wowerenga wa masiku onse

Yankho: Musamvere msanga. Uthengawo ukukutetezani, ndipo malangizo a mnzanuwo angakulowetseni m'mavuto aakulu kuposa amene muli nawo.

Nthambi zimene zikukanazo mwachidziwikire munazipanga chonchi: `git switch -c kukonza-fomu origin/main`. Mukayambitsa nthambi kuchokera pa nthambi ya ku seva, Git imaiika nthambi ya ku sevayo kukhala upstream yake. Ndiye `kukonza-fomu` yanu yalumikizidwa ku `main`. AutoSetupRemote imagwira ntchito pokhapokha ngati upstream palibe. Apa ilipo kale, kungoti ndi yolakwika.

Chimene chimachitika kenako chimadalira push.default, yomwe ili ndi mitundu isanu. `simple` ndiyo imabwera ndi Git: imatumiza nthambi imene mwaimapo yokha, ndipo imakana ngati dzina lake likusiyana ndi la upstream. `upstream` imatumiza kumene nthambi yalumikizidwa osayang'ana dzina. Taganizani tsono: mukatsatira mnzanuyo, `git push` yanu itenga ntchito yosamaliza ija n'kuithira molunjika mu `main`, osadutsa kwa woiunika aliyense, pokhapokha ngati eni nkhokwe anaitchinga nthambiyo ku seva. `current` imatumiza ku nthambi ya dzina lomwelo, n'kuipanga ngati kulibe, koma payokha siyilumikiza. N'chifukwa chake amene amaigwiritsa ntchito amadzadabwa `git pull` ikuti "There is no tracking information for the current branch". `nothing` imakana chilichonse mpaka mutatchula nokha. Yomaliza ndi `matching`, imene imatumiza nthambi zonse zimene mayina ake akupezeka mbali zonse ziwiri, ngakhale zimene munaziiwala kalekale.

`matching` ndiyo inali yokhazikika kuyambira kale, Git itangoyambitsidwa ndi Linus Torvalds mu 2005. `simple` inabwera mu 2012 ndi mtundu wa 1.7.11, n'kudzakhala yokhazikika mu Git 2.0 mu 2014. Mukapeza malangizo akale okuuzani kuti muike `matching` kuti chenjezo lileke, adutseni. Ife timati siyani `simple` momwe ilili.

Chenjeraninso ndi uthenga womwewo wokanawo. M'munsi mwake Git imakupatsani malamulo awiri oti musankhepo, ndipo loyamba ndi `git push origin HEAD:main`. Munthu wozolowera kukopera mzere woyamba umene waona amagwera pomwepo. Lanu ndi lachiwiri, `git push origin HEAD`, ndipo mukaikapo `-u` limakonzeratu kulumikizako kuti kuloze ku nthambi yoyenera.

Kuti zisadzachitikenso, pangani nthambi ndi `git switch -c kukonza-fomu --no-track origin/main`, kapena lembani kamodzi `git config --global branch.autoSetupMerge simple`. Imeneyinso inabwera ndi 2.37, ndipo imauza Git kuti izilumikiza nthambi pokhapokha mayina akafanana. Mukafuna kuona kuti nthambi iliyonse yalumikizidwa kuti, `git branch -vv` imaonetsa zonse pamndandanda umodzi. Ngati simukudziwa kumene push.default yanu ikuchokera, `git config --show-origin push.default` ikuuzani fayilo yake; ikapanda kulemba kanthu, ndiye kuti muli pa `simple`.

Funso: Ndikufuna ndipange tizidule tanga, monga `git tumiza`. Komanso ndimachita rebase (kusanjanso mbiri ya ma commit) kawirikawiri, moti ndikuganiza zopanga ka `git pf` koimira `push --force`. Pali vuto? — Wolemba mapulogalamu

Yankho: Koyambako n'kosavuta:

`git config --global alias.tumiza "push -u origin HEAD"`

Dziwani kuti chidule sichingalande dzina la lamulo limene lilipo kale. Mukapanga `alias.push`, Git ingochinyalanyaza mwakachetechete.

Kachiwiriko tikukukanizani. `--force` imauza seva kuti itaye zimene ili nazo pa nthambiyo n'kutenga zanu. Ngati mnzanu anatumizako ma commit awiri m'mawa inu musanawakoke, achoka pa nthambiyo, ndipo Git siikufunsani kanthu. Pa kompyuta imene ikadali pa `matching` ndiye zimafika poipa, chifukwa `git push --force` yopanda dzina imakakamiza nthambi zonse zofanana mayina nthawi imodzi, kuphatikizapo `main` yanu yotsalira m'mbuyo.

Chidule chanucho chiimire `push --force-with-lease`. Lamuloli, limene lilipo kuyambira mtundu wa 1.8.5, limayamba layerekeza: kodi nthambi ya ku seva ikadali pamene inali nthawi yomaliza imene kompyuta yanu inaiona? Ngati yasuntha, limakana n'kulemba "stale info". Zikatero chitani `git fetch`, muone zimene zabwera, muziphatikize, kenako mutumize.

Palinso kamsampha kena kamene ambiri sakadziwa. Chimene lamuloli limayerekeza ndi `origin/kukonza-fomu` ya pakompyuta panu, ndipo imeneyi imasuntha nthawi iliyonse fetch ikachitika. Mapulogalamu ena olemberamo mapulogalamu amachita fetch okha chakuseri pakapita mphindi zingapo. Ndiye kompyuta yanu "yawaona" ma commit a mnzanu aja pomwe inu maso anu sanawaone, kuyerekeza kuja n'kudutsa bwinobwino, ntchito ya mnzanu n'kufufutika. Mankhwala ake anabwera ndi mtundu wa 2.30 kumapeto kwa 2020: `--force-if-includes`, imene imaonanso ngati zimene zili ku seva zinalowapodi m'mbiri ya nthambi yanu. Ziwirizi zimayendera limodzi, yachiwiriyo payokha sichita kanthu:

`git config --global alias.pf "push --force-with-lease --force-if-includes"`

Pamene mukukayika, onjezerani `-n` kapena `--dry-run`. Git ikuonetsani zimene ikadachita osatumiza chilichonse.

Funso: Kodi kadontho kawiri ka mu `git push origin :nthambi-yakale` kamatanthauza chiyani? Ndinakopera penapake, nthambi n'kusowa ku seva. — Wongoyamba kumene

Yankho: Kanachita ntchito yake ndendende. Kalembedwe kathunthu ndi `git push origin gwero:kopita`. Kumanzere ndi chimene mukutumiza, kumanja ndi kumene chikukakhala. `git push origin kukonza-fomu` ndi chidule chabe cha `kukonza-fomu:kukonza-fomu`. Mukasiya kumanzere kopanda kanthu, mwauza seva kuti pamalopo pasakhale kanthu, ndiko kufufuta. Kuyambira mtundu wa 1.7.0 pali kalembedwe komveka, `git push origin --delete nthambi-yakale`, ndipo ndi kamene tikukulimbikitsani ngakhale kali kotalikirapo.

Olemba ma script asamale kwambiri apa. Mzere wonga `git push origin $GWERO:$KOPITA` umasanduka lamulo lofufuta tsiku limene `$GWERO` idzakhale yopanda kanthu. Chizindikiro cha `+` kutsogolo, monga `+kukonza-fomu`, nachonso si chokongoletsera. Chimakakamiza ngati `--force`, koma pa nthambi imeneyo yokha.

Nthambi yanuyo sinatayike ngati ikadalipo pakompyuta panu: imanipo n'kulemba `git push -u origin HEAD`, ibwerera. Ngati munaifufutanso kwanu, funani nambala ya commit yake yomaliza mu `git reflog`, mupange nthambi pamenepo.

Funso: Ndinaika tag ya v1.2 koma ku seva siikuoneka, chonsecho push inadutsa. — Wowerenga wina

Yankho: `git push` wamba siyitenga ma tag. Itumizeni potchula dzina, `git push origin v1.2`, kapena yatsani `git config --global push.followTags true`. Imeneyi imanyamula ma tag okhawo opangidwa ndi `git tag -a` amene akuloza ma commit a m'mbiri ya nthambi imene mukutumizayo. Opangidwa ndi `git tag v1.2` chabe amatsala. `--tags` imakokolola onse, ndi oyeserera omwe.

Funso: Ndimakoka kuchokera ku nkhokwe ya eni pulojekiti koma ndimatumiza ku fork yanga (kope langa la nkhokweyo) pa GitHub. Nthawi zonse ndiyenera kutchula dzina la seva? — Wothandiza pa pulojekiti yaulere

Yankho: Ayi. Tinene kuti nkhokwe ya eni ake munaitcha `origin` ndipo yanu munaitcha `yanga`. Muli mkati mwa pulojekitiyo lembani `git config remote.pushDefault yanga`, osaikapo `--global`, poti dzinalo lilipo m'pulojekiti imeneyi yokha. `git pull` ipitiriza kukoka ku `origin`, `git push` izipita ku `yanga`. Apa `simple` imafewa: seva yotumizako ikakhala yosiyana ndi yokokako, imachita ngati `current`, osafunsanso za upstream. Ngati pali nthambi imodzi imene iyenera kupita kwina, `git config branch.kukonza-fomu.pushRemote origin` imaposa lamulo la pulojekiti yonse pa nthambi imeneyo. Kuti muone zimene simunatumize, lembani `git log yanga/kukonza-fomu..`.