Kodi ndisiye ORM n'kumalemba SQL ndekha?

Mnzathu wina wa kuno ku Lusaka watilembera imelo. Anapangira sitolo ya zitsulo ya ku Kamwala pulogalamu yolondolozera katundu ndi malonda, mu Python, ndi ORM ya SQLAlchemy pamwamba pa database ya PostgreSQL. ORM ndi chida chimene chimakulemberani SQL, chilankhulo chofunsira deta ku database. Poyamba zinkayenda bwino, koma tsopano tsamba la malonda a tsiku likuchedwa kutseguka, ndipo iye sakudziwa SQL imene ikutumizidwa ku database. Akufunsa kuti: "Kodi pali njira yosavuta kuposa ORM, kapena ndingoyambiranso?"

Mnzathu, musayambirenso ayi. Njira yosavuta ilipo, koma yambani mwaona chimene chikudwala. Popanga engine ya SQLAlchemy ikani echo=True, tsegulani tsamba lochedwalo, muwerenge ma query (mafunso a SQL opita ku database) amene atuluke. Tikukhulupirira kuti mupeza vuto lotchedwa N+1. ORM imatenga malonda 200 ndi query imodzi, kenako pa mzere uliwonse imabwereranso kukafunsa dzina la kasitomala. Ma query akwana 201. Ngati database ili pa seva ya ku Johannesburg kapena Cape Town, ndipo ulendo umodzi wopita ndi kubwera ukutenga, tinene kuti, mamilisekondi 40, basi masekondi 8 atha. Zili ngati kutuma mwana ku msika wa Soweto maulendo 200, ulendo uliwonse phwetekere mmodzi. JOIN imodzi, imene imalumikiza matebulo awiri mu query imodzi, imabweretsa zonse pakamodzi. Mu SQLAlchemy mankhwala ake ndi joinedload kapena selectinload, mu Django ndi select_related, mu Laravel ndi with. Mwina vuto lanu lithera pomwepa.

Koma ngati mwatopa ndi kulosera zimene ORM ikuchita kuseri, njira imene ife timaikonda ndi iyi: SQL yolemba nokha, yokhala pamalo amodzi, yotumizidwa kudzera mu driver, kapulogalamu kolumikiza code yanu ndi database. Kwa inu driver yake ndi psycopg 3, imene inatuluka mu 2021. Pangani fayilo imodzi, tinene malonda_db.py, ndipo query iliyonse ikhale ndi function yakeyake ya dzina lomveka, monga malonda_a_tsiku kapena chotsa_katundu. SQL isamwazike m'mafayilo a masamba. Kuti mizere isabwere ngati manambala ndi mawu opanda mayina, gwiritsani class_row ya psycopg, imene imathira mzere uliwonse mu dataclass yanu. Ntchito yaikulu imene ORM inkakugwirirani yathera pamenepo.

Pali lamulo limodzi losakambirana. Zimene munthu walemba pa fomu musazilumikize ku SQL ngati mawu wamba, kaya ndi f-string kapena chizindikiro cha +. Lembani WHERE dzina = %s, ndipo dzinalo mulipereke padera monga parameter. Mukalumikiza, tsiku limene mudzalembetse kasitomala wa dzina ngati Ng'andu kapena Ng'oma, kachizindikiro ka pakati pa dzinalo kadzadula query yanu pakati, ndipo khomo lomwelo ndi limene akuba amalowera ndi SQL injection, kutanthauza kulemba SQL yawo pa fomu kuti database iimvere. Malo awiri amavutitsa ongoyamba kumene. Dzina la column silingakhale parameter, choncho ngati wogwiritsa ntchito akusankha kasanjidwe ka ORDER BY, sungani mndandanda wa mayina ololedwa, china chilichonse mukane. Pofuna ma id ambiri nthawi imodzi, lembani = ANY(%s) n'kupereka list ya Python, osati kumanga IN ndi manja.

Ubwino wa SQL yolemba nokha umaonekera kwambiri pochotsa katundu. Ndi ORM anthu ambiri amawerenga matumba a simenti otsala, kuchotsera mu Python, kenako kusunga. Ogulitsa awiri akadina nthawi imodzi, onse amaona kuti atsala 10, onse amagulitsa 8, ndipo buku limati atsala 2 pamene sitolo yalonjeza matumba 16. Lembani chonchi: UPDATE katundu SET otsala = otsala - %s WHERE id = %s AND otsala >= %s. Kenako onani rowcount, chiwerengero cha mizere imene yasinthidwa. Ikakhala 0, katundu sanakwane, malonda asapitirire. UPDATE imeneyi ndi INSERT ya lisiti zikhale mu transaction imodzi (ntchito zimene zimatheka zonse pamodzi kapena kulephereka zonse), kuti magetsi akazima pakati pa ntchito, zonse zibwerere mmene zinalili. Ndalama nazo muzisunge m'mangwee ngati bigint, K125.50 ikhale 12550, kapena mugwiritse numeric. Mtundu wa manambala wotchedwa float umasokoneza mangwee powonkhetsa.

Ngati tsamba lanu lili ndi zosefera zambiri, monga tsiku, wogulitsa, mtundu wa katundu, kapena ngati analipira ndi Airtel Money, MTN MoMo kapena ndalama pamanja, kumanga WHERE ndi manja kumatopetsa. Apa m'pamene query builder, chida chomangira SQL ndi code, imathandiza, ndipo muli nayo kale: SQLAlchemy Core imagwira popanda gawo la ORM.

Anzathu a zilankhulo zina zolembera mapulogalamu ali nazo zida zawo. A C# ali ndi Dapper, imene inachokera ku Stack Overflow. A Java ali ndi Jdbi, jOOQ ndi MyBatis. A PHP angagwiritse PDO yokha, a TypeScript ali ndi Kysely. A Go ali ndi sqlc, imene imawerenga mafayilo anu a SQL n'kukulemberani code, ndipo column yolakwika imagwidwa pulogalamu isanayambe n'komwe.

Chimene mudzachisowe ndi ichi: mukasintha dzina la column, SQL ya m'mawu wamba siidandaula mpaka itathamangitsidwa. Choncho function iliyonse ikhale ndi test yoyenda pa PostgreSQL yeniyeni, osati SQLite, chifukwa ziwirizi zimasiyana pa mitundu ya deta. Alembic, chida cha SQLAlchemy chosinthira kapangidwe ka matebulo (migration), musaitaye, imalola migration ya SQL yolemba nokha kudzera mu op.execute. Masamba ang'onoang'ono olembetsera kasitomala kapena kusintha mtengo asiyeni pa ORM, sakukuvutitsani. Samutsani kaye tsamba la malonda a tsiku, muyendetse query yake ndi EXPLAIN ANALYZE, imene imaonetsa mmene database ikufufuzira, ndipo mukaona Seq Scan (kuwerenga tebulo lonse mzere ndi mzere) pa tebulo lalikulu la malonda, ikani index (kalozera wofulumizitsa kufufuza) pa column ya tsiku.