Yankho kwa alamu: galimoto yonjenjemera ikangolira

Eee alamu, mwaswera bwanji? Pepani ndachedwa kuyankha, manja anali oyilo yekhayekha, foni sindikanaigwira. Uthenga wanu ndaumvera kawiri. Mwati m'mawa galimoto ikulira bwinobwino, kiyi kamodzi basi, koma ikangolira imayamba kunjenjemera, mukaponda moto imachita ngati yatsamwa, mwina kuzima kumene. Ndiye pakapita mphindi 5 kapena 10 imakhala bwino ngati palibe chachitika. Ndipo wina wakuuzani kuti mugule pampu ya mafuta yatsopano.

Pampuyo musagule kaye, alamu. Chonde.

Pampu ikafooka imaonekera pamene injini ikufuna mafuta ambiri, monga pokwera mtunda kapena popitirira galimoto inzake, ndipo nthawi zambiri ikatentha m'pamene imavutitsitsa. Yanuyi ikuchira ikatentha. Komabe kuti mtima ukhale pansi, mawa chitani izi. Tembenuzani kiyi kufika pomwe timagetsi ta pa dashibodi timayaka, osaliza injini ayi. Tcherani khutu kumbuyo komwe kuli thanki, mumva kakulira kakuti zzzz kwa masekondi 2 kapena 3. Ndiyo pampu imeneyo, ikukankha petulo. Thimitsani, bwerezani katatu, kenako lizani. Ikalira bwino popanda kunjenjemera, ndiye kuti usiku petulo akumaphwa m'mapaipi, ndipo pamenepo tikamba za kavalavu ka m'pampu kapena injekita (kachipangizo kopopera petulo mu injini) yodontha. Ikanjenjemerabe, pampu ichotseni m'mutu.

Tsopano mvetsani apa, chifukwa nkhani yonse yagona apa. Injini yozizira imafuna petulo wochulukirapo, poti pa chitsulo chozizira petulo sachedwa kumata m'malo mosakanikirana ndi mpweya. N'chifukwa chake galimoto yabwinobwino m'mawa muvi wa rev umakwera kupitirira 1,000, kenako n'kutsika pang'onopang'ono kufika cha m'ma 700 kapena 800. Ikatentha, kompyuta ya galimoto imasakaniza magawo 14.7 a mpweya ku gawo limodzi la petulo, ndipo amene amaiuza ngati yachulutsa kapena yachepetsa ndi kasensa ka okosijeni komwe kali pa ekizozi. Koma kasensa kameneko sikagwira ntchito mpaka katafika madigiri pafupifupi 300. Mphindi zoyambirirazo kompyuta imangokhulupirira zomwe masensa ena akuiuza, ilibe woifunsa. Wina akainamiza, injini imavutika. Kasensa ka pa ekizozi kakangotentha, kompyuta imayamba kudzikonza yokha, vuto n'kubisala. Silinathe ayi, langobisala.

Ndiye akunama ndani? Ine woyamba kumukayikira ndi mpweya wolowera pambali. Pali timapaipi ta labala tambirimbiri pamwamba pa injini, ndi chipaipi chachikulu chochokera ku fyuluta ya mpweya. Labala ikakalamba imang'ambika, makamaka m'makwinya mwake chakunsi komwe diso silifika. Mpweya wolowera pamenepo kompyuta siiuwerengera, choncho petulo amachepa. Kukazizira mng'aluwo umayasama, kukatentha labala imafewa n'kutsekako pang'ono. Tsegulani boneti injini ikulira, mvetserani kaphokoso kakuti tsiii ngati tayala likuphwa. Finyani timapaipito ndi zala, kulira kwa injini kukasintha mwapapeza. Koma samalani ndi fani ndi lamba, malaya asalendewere.

Ndikuseka chifukwa ine ndemwe zinandichitikira. Ndinasintha mapulagi onse, ndinagula koyilo (kachipangizo kotumiza moto wa magetsi ku pulagi), kumangoti lero yachira, mawa yayambiranso. Mapeto ake kanali kapaipi kochepa ngati chala cha nkombaphala, kong'ambika pothera penipeni. Ndinangodula pong'ambikapo n'kubwezeretsa. Mlongo wanuyu mpaka lero amandiseka nazo.

Wachiwiri ndi sensa yoyeza kutentha kwa madzi a mu injini. Ikawonongeka imatha kuuza kompyuta kuti injini yatentha kale pomwe ili zii, ndiye kompyuta siiwonjezera petulo uja. Kapena imanena kuti kukuzizira koopsa, petulo n'kuchuluka mpaka utsi wakuda ndi fungo la petulo wamuwisi.

Kenako mapulagi ndi makoyilo. Pulagi yotha imalephera kuyatsa bwino kukazizira, silinda imodzi n'kumadumpha, kumene amakaniko amati ikumisa. Mukaima kumbuyo mumamva ekizozi ikuti du-du-du, kudukiza, du-du. Simunandiuze kuti mapulagi munasintha liti. Ngati simukukumbukira, ndiye kuti akhalitsa.

Zina n'zongotsuka. Pakhosi polowera mpweya, pomwe amati throttle body, pamadzaza mwaye wakuda. Sensa yoyeza mpweya wolowa mu injini, yomwe ili pafupi ndi fyuluta, nayo imada, koma iyo ili ndi mankhwala ake opopera, musalole wina aikhudze ndi nsanza kapena burashi, kawaya kake n'kosachedwa kuduka.

Chimene ndikuchiopa ndi chimodzi. Injini isanalire mawa, ili yozizira, onani madzi. Ikatentha chitsekerero cha ladiyeta musachikhudze, mupsa nkhope. Ngati madzi akumachepa koma pansi sipakudontha, komanso ikalira kumatuluka utsi woyera wambiri wosatha msanga, wa kafungo kotsekemera, ndiye kuti mwina gasiketi ya pamutu pa injini yayamba kulowetsa madzi m'silinda usiku. Kanthunzi kochepa ka m'mawa kotha pa mphindi ziwiri n'kabwinobwino, musadandaule nako. Utsi wabuluu ndi oyilo akupsa, imeneyo ndi nkhani ina.

Nanga kagetsi kachikasu kooneka ngati injini kaja kakuyaka? Ngati kakungoyaka, mutha kuyenda pang'onopang'ono mpaka kwa makaniko. Ngati kakuphethira, musaikakamize, chifukwa petulo wosapsa akupita ku ekizozi ndipo amawotcha catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi cha m'ekizozimo, chomwe ndi chodula kwambiri.

Mukapita kwa makaniko, auzeni alumikize kamakina kowerengera pa soketi ya OBD2, ija ya timabowo 16 pansi pa chiwongolero. Manambala otulukawo alembeni. P0171 ndiye kuti mpweya wachuluka, petulo wachepa, tibwerere ku timapaipi tija. P0300 ikumisa mosasankha silinda. P0301 ndi silinda yoyamba, P0302 yachiwiri, choncho. Ikakhala silinda imodzi, asinthanitse koyilo yake ndi ya pafupi. Nambala ikasamuka limodzi ndi koyiloyo, mwam'gwira wakuba osagula kalikonse. Ndipo galimotoyo muisiye igone komweko, aione m'mawa isanalire. Kamakinako kamaonetsa kutentha komwe sensa ya madzi ikunena. Galimoto yagona usiku wonse koma sensa ikuti madigiri 80, basi, wabodza ndi ameneyo. Mukapita nayo yotentha angokuuzani kuti ilibe vuto.

Mawa m'mawa mundijambulire kavidiyo, kuyambira potembenuza kiyi. Muonetse dashibodi kaye, kenako mupite kumbuyo ku ekizozi. Wailesi muthimitse, alamu, ndikufuna ndimve injini.